UMANENA IYO YAKULUMA: MAU KWA ALIMI ZA KUZINDIKIRA NCHENCHE

Abale anga alimi ndi eni ziweto,

Akuru akale anati, Culuke-culuke ngwa njuci, umanena iyo yakuluma. Mwambi umenewu timaunena pabwalo, pofuna kuti wodandaula aloze munthu mmodzi amene anamlakwira, asanenere mudzi wonse; koma ine ndifuna kuunena lero za nchenche. Pakuti ndikafika pakhola ndi kupeza ng'ombe yoonda, nthiti ziri poyera, ndi kufunsa mwini wace kuti, Cailuma nciani? ayankha kuti, Ndi nchenche. Ndikafunsanso kuti, Nchenche yanji? aseka, nati, Kodi nchenche iri ndi mfunda? Nchenche ndi nchenche basi.

Mau anga ndi awa: nchenche iri nao mfunda ndithu. Mitundu yace imene anthu ophunzira anailemba maina iposa 150,000 pa dziko lonse lapansi. Mlimi sayenera kuidziwa yonse. Koma wosadziwa kusiyanitsa iyo yowerengeka yokhala pakhomo pace amataya ndalama, amataya ziweto, ndipo nthawi zina amataya mwana. Pakuti mtundu uli wonse uli ndi pobadwira pace, cakudya cace, ndi nthenda yace. Ndipo cimene cipha mtundu wina sicikhudza unzace konse. Tsono zizindikiro zosiyanitsira ziri pathupi pa nchenche yomwe, poti ali yense wa maso angaziwerenge.

POYAMBIRA PACE

Tidziwe coyamba cimene ciyenera dzina la nchenche. Tolani njuci yakufa, ndi kutambasula mapiko ace: mudzawerenga anai. Tolani nchenche: mudzawerenga awiri okha. M'malo mwa mapiko a m'mbuyo iri ndi tinthu tiwiri tating'ono tonga tizibonga, kena mbali iyi, kena mbali iyo, kuseri kwa phiko. Ndi timeneti ilinganiza nato thupi pouluka. Cifukwa cace ophunzira analicha banja lonseli Diptera, ndiko kunena mapiko awiri. Udzudzu uli m'banja lomweli, ndi nkhungu za kunyanja zomwe. Koma izo muzidziwa kale.

Thupi la nchenche liri m'magawo atatu: mutu, cifuwa cimene pamera mapiko ndi miyendo isanu ndi umodzi, ndi mimba. Mukaona nchenche yacilendo, dzifunseni mafunso anai awa.

1. Ikatera, mapiko iwaika bwanji?
2. Mlomo wace ngwolimba kapena wofewa, ndipo uloza kuti?
3. Pamsana ndi pamimba pali mizere kapena maanga otani?
4. Maso ndi tinyanga tace nzotani?

Musakhulupirire msinkhu wokha. Ambiri ayesa kuti kanchenche kakang'ono ndi mwana wa yaikuru, koma sikutero ai. Mwana wa nchenche ndiye mphutsi. Nchenche ikaturuka m'cikwa cace ndi kuumitsa mapiko, yatha kukula. Msinkhu umene yaturuka nao ndiwo idzafa nao.

KASHEMBE

Woyamba kumdziwa ndiye kashembe, pakuti ndiye wopha ng'ombe ndi anthu. Utali wace uyambira mamilimita 6 kufikira 14 monga mwa mtundu wace. Wa kuno kawirikawiri aposa pang'ono nchenche ya m'nyumba. Maonekedwe ace ngotuwa mofiirira, ngati tsamba louma la fodya, ndipo sanyezimira konse. Zizindikiro zace nzinai.

Coyamba ndi mapiko. Kashembe akatera, asanjika phiko lina pamwamba pa linzace, ngati sizasi yotseka, ndipo nsonga za mapiko zipitirira mimba. Cotero aoneka wamtali ndi woonda, wosiyana ndi nchenche zina zimene zitasa mapiko.

Caciwiri ndi mlomo. Uli wowongoka ngati singano, woloza kutsogolo kwa mutu, wooneka bwino mukamyang'ana cam'mbali kapena cakumwamba. Patsinde pace, kunsi kwa mutu, pali potupa ngati kaanyezi. Pofuna kuluma autsitsa pansi. Akakhuta aubweza kutsogolo.

Cacitatu ndico mboni yosanama. Thothola phiko limodzi, nuliyang'ane pa kuwala kwa dzuwa. Mitsempha ya phiko igawa phikolo m'timinda; ndipo pakati peni-peni pali kamunda ka maonekedwe a nkhwangwa, kopapatiza mbali yina ngati mpini, kotakata mbali yina ngati mutu wace. Palibe nchenche yina ya m'dziko lino yokhala nayo nkhwangwa imeneyi.

Cacinai cifuna galasi lokuza zinthu. Pa kanyanga ka kashembe pamera katsitsi, ndipo pa katsitsiko pali ubweya mbali ya kumwamba yokha. Ndipo ubweya uli wonse uli ndi nthambi zace, monga nthenga ya nkhuku.

Mboni imodzi siitha mlandu. Ziripo nchenche zina zosanjika mapiko, ziripo zina za mlomo woloza kutsogolo. Koma iyo imene icita zonse ziwiri, nikhala nayo nkhwangwa m'phiko, ndiye kashembe wosakayikitsa.

M'Malawi muli akashembe a mitundu itatu. Woyamba, wochedwa Glossina morsitans, akhala m'nkhalango za mitengo yotalikirana monga tsanya ndi mombo. Pamimba pace pali mizere yakuda yopingasa, yoduka pakati. Ndipo akonda kutsata canthu coyenda, munthu, njinga, kapena galimoto. Waciwiri, Glossina pallidipes, aposa pang'ono msinkhu, akonda zitsamba zowirira. Dzina lace litanthauza mapazi otuwa, pakuti nsonga za miyendo yace ya kutsogolo nzotuwa, pamene za woyamba uja nzakuda. Wacitatu, Glossina brevipalpis, ndiye wamkuru mwa onse, woderako, wa kaanga kodera paphiko; akhala m'nkhalango zamthunzi za m'mbali mwa mitsinje, nauluka makamaka cakumadzulo. Kusiyanitsa atatuwa ndi nchito ya akatswiri. Kwa inu kukwanira kudziwa kuti ndi kashembe.

Kashembe wamwamuna ndi wamkazi yemwe sadya kanthu kena koma mwazi. Akaluma njiri, mbawala, nguluwe kapena njati, atengako tizirombo ta m'mwazi tosaoneka ndi maso, timene nyama za m'thengozo zikhala nato osadwala; ndipo akaluma ng'ombe, atisiya m'menemo. Ng'ombeyo iyamba kutentha thupi, mwazi ucepa, ubweya unyankhalala, maso aturuka misozi, iwonda ngakhale msipu ulipo. Ya bere ipoloza, yapagoli ilephera kukoka, ndipo potsiriza ifa. Kwa munthu nthendayi ndiyo kaodzera, imene ipezeka kwa okhala pafupi ndi nkhalango za Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza, ndi ku cigwa ca Luangwa m'Zambia. Si kashembe ali yense ali nako kacirombo kopha munthu, ambiri alibe. Koma munthu wolumidwa akaona cithupsa copweteka pamene panalumidwa, ndi malungo osamva mankhwala a malungo, ndi mutu wosaleka, asacedwe. Pakuti kaodzera wa kuno ngwacangu, apha m'masabata kapena m'miyezi yowerengeka. Mankhwala alipo, ndipo atsopano akumwa, ochedwa fexinidazole, anayesedwa pa cipatala ca Rumphi comwe. Koma sing'anga wa kucipatala sanali nanu kuthengo. Mukanena kuti, Ndinalumidwa ndi nchenche, adzaganiza za malungo. Mukanena kuti, Ndinalumidwa ndi kashembe, ndinamuona mapiko ndi mlomo, adzafuna kacirombo koyenera m'mwazi wanu. Masiku opulumuka ndi mau amenewo ndiwo moyo wa munthu.

Kuti kusiyanitsa mitundu si masewera, mbiri itiuza. David Livingstone anaika cithunzi ca kashembe kumayambiriro kwa buku lace la 1857, atataya ng'ombe zambiri paulendo. Koma iye sanadziwe comwe cizipha. M'caka ca 1895 David Bruce, ali ku Zululand, anaonetsa kuti ndi kacirombo ka m'mwazi kotengedwa ndi kashembe. M'caka ca 1903 kunadziwika ku Uganda kuti kaodzera wa anthu afalitsidwa ndi kashembe wa m'mbali mwa madzi, wochedwa palpalis. Ndipo ambiri anayesa kuti maiko opanda mtundu umenewo ali pamtendere. Koma anthu anayamba kudwala ku Luangwa ndi kuno komwe, kumene mtunduwo kulibe. Ndipo m'caka ca 1912 Kinghorn ndi Yorke, pogwira nchito ku cigwa ca Luangwa, anaonetsa kuti morsitans wa m'nkhalango zouma nayenso apatsa munthu kaodzera. Akadapanda kusiyanitsa kashembe ndi kashembe mnzace, akadalondera mitsinje, mdani alikulowa ca kumtunda.

ATATU AMENE ASOCERETSA ANTHU

Ziripo nchenche zitatu zopezeka pakhola zimene anthu aziyesa kashembe, kapena ayesa kashembe kuti ndi izo.

Yoyamba ndi nchenche yoluma ya m'khola, yochedwa Stomoxys. Msinkhu ndi maonekedwe ifanana ndi ya m'nyumba, koma iri ndi mlomo wakuda wolimba woloza kutsogolo, ndipo cifukwa ca mlomowo ambiri aicha kashembe. Yang'anani mapiko: ikatera akhala otasa ngati mutu wa mubvi, ndipo mulibe nkhwangwa. Mimba yace njaifupi ndi yotakata, ya maanga akuda obulungira. Iluma miyendo ya ng'ombe kufikira ng'ombe zipondaponda osadya; ndiyonso ija itha nsonga za makutu a garu.

Yaciwiri ndi cimphanga. Cimeneci kawirikawiri ncacikuru ndi conenepa, ndipo maso ace adzaza mutu wonse, nthawi zina obiriwira kapena a mizere yonyezimira cikali camoyo. Kutsogolo kwa mutu kuturuka tinyanga tiwiri tolimba, ngati nyanga za mwana wa mbuzi. Musatiyese mlomo, pakuti tiri tiwiri. Mlomo wace ngwaufupi, woloza pansi, ndipo suboola ngati singano koma uceka ngati mpeni. Cifukwa cace kuluma kwace kupweteka pomwepo, ndi mwazi uyenderera pakhungu. Cacikazi cokha ndico ciluma. Ulipo mtundu wocepa msinkhu wocuruka m'dzinja, wa mapiko a mathotho-mathotho, umene ukatera utsetsereza mapiko mbali ziwiri ngati denga la nyumba. Ufika mwakacetecete, osalira.

Yacitatu ndi nchenche ya m'nyumba. Njotuwa, utali wace mamilimita 6 kapena 7, ndipo pamsana pace pali mizere inai yakuda yotsata utali wa thupi. Mlomo wace ngwofewa ngati cinkhupule, wopindidwa kunsi kwa mutu. Siingathe kuluma munthu kapena ciweto. Kuipa kwace nkwina: icoka pa zonyansa, nitera pansima, nilabvulirapo kuti isungunule cakudya, momwemo itibweretsera kamwazi, kolera ndi kutsegula m'mimba kwa ana. Munthu akati, Nchenche ya m'nyumba yandiluma mwendo, dziwani kuti inali ya m'khola ija.

Tsono taonani cifukwa cace ndilimbikira zimenezi. Nchenche ya m'nyumba iikira mazira ambiri nthawi imodzi m'ndowe ndi m'zinyalala, ndipo nyengo yotentha dzira lisanduka nchenche m'masiku 7 kufikira 10. Ya m'khola iikira m'udzu wobvunda wosanganizika ndi ndowe ndi mkodzo. Mankhwala a ziwirizi ndi khasu ndi tsace: kucotsa ndowe ndi udzu wonyowa sabata ndi sabata, kuziunjika mulu wolimba, ndi kuubvundikira ndi dothi, kuti kutentha kwa m'kati kuphe mphutsi, ndipo mupindula kawiri, pakuti muluwo ndiwo manyowa a m'munda mwanu. Cimphanga cibadwira m'matope a m'dambo, kumene tsace silifika. Cimene mungacite ndico kusadyetsa ng'ombe pafupi ndi madzi oima dzuwa liri pamutu m'nyengo yace.

Koma kashembe saikira mazira konse. Wamkazi alera mwana mmodzi m'mimba mwace, namyamwitsa m'kati momwemo, nabala mphutsi imodzi yokhwima pakapita masiku 9 kapena 10. Aibala pa dothi lofewa la pamthunzi, pansi pa cipika kapena citsamba, ndipo mphutsiyo ilowa m'dothi, nituruka kashembe patapita ngati mwezi. Cotero mungasese khola kufikira liyera ngati pabwalo la mfumu, kashembe simunamkhudze. Komatu kubala kwace kwapang'onoku ndiko kufooka kwace: mukapha akazi owerengeka tsiku ndi tsiku, mtundu wace ucepa. Ndico cifukwa cace m'malire a nkhalango aimika nsaru za buluu ndi zakuda zonyikidwa m'mankhwala. Kashembe akopeka ndi buluu, natera pa cakuda, nafa. Wocotsa nsaru yotere kuti akasokere malaya atsegulira mdani cipata ca mudzi wace womwe. Ndiponso kashembe aluma ng'ombe makamaka m'miyendo ndi kumimba. Tsono mankhwala opopera akafika m'menemo agwira nchito yaikuru ndi mtengo wocepa.

Lingalirani anthu awiri. Wina ng'ombe zace zaonda ndi njoka za m'mimba ndi kulumidwa ndi nchenche ya m'khola. Iye aona mlomo woloza kutsogolo, nati, Kashembe! nagula Berenil kumsika, nabaya yekha mosayesa muyeso. Ndalama zapita, ng'ombe ziri coondera, ndipo tsiku limene kashembe adzafikadi, mankhwala obayidwa mosasamala adzakhala ataphunzitsa tizirombo kupirira. Mnzace ali m'malire a nkhalango. Kashembe alowa ndi ng'ombe madzulo, iye ati, Ndi nchenche za ndowe, nasesa khola mwakhama. Pofika nthawi yolima, ng'ombe zapagoli zagona pansi. Onse awiri ngakhama, onse awiri akonda ziweto zao. Cinawasowa ndi kuyang'ana phiko.

NCHENCHE ZOBVUTA ANA

Amai, gawo ili ndi lanu. Mwana akaturuka zithupsa kumsana kapena m'matako, ciri conse ca kabowo pakati, ndipo m'kati muli kanthu koyenda, imeneyo ndi mphutsi ya nchenche yochedwa Cordylobia. Nchencheyo njonenepa, ya maonekedwe a cikasu cofiirira, nkhope yace yacikasu. Siluma, siliranso kwambiri, ndipo ikonda mthunzi. Iikira mazira pamcenga wonunkha mkodzo, ndi pa matewera kapena zobvala zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi. Mphutsi ikamva kufunda kwa thupi iboola khungu, nikhalamo masiku 8 kufikira 12. Ana agaru abvutika nayo koposa. Yanikani zobvala pacingwe padzuwa, ndi kuzisita mbali zonse ziwiri. Pa cithupsa pakani Vaseline kutseka kabowo. Mphutsi isowa mpweya, niyamba kuturuka, ndipo muifinye pang'ono-pang'ono osaiphulitsa.

Yina ndiyo ija iunjikana m'maso ndi pamphuno pa ana. Muiyesa ya m'nyumba, koma njocepako, ndipo pamsana pace mizere yakuda njiwiri yotakata, si inai. Dzina lace ndi Musca sorbens, ndipo ithandiza kufalitsa nthenda ya maso yochedwa trakoma, imene ipinda zikope ndi kucititsa khungu. Pobadwira pace pokondedwa ndi cimbudzi ca munthu cosiyidwa poyera. M'dzenje la cimbudzi cokumba siibadwira. M'caka ca 2022 bungwe la World Health Organization linabvomereza kuti Malawi wagonjetsa trakoma monga bvuto la dziko. Koma nchencheyo sinasamuke, ndipo cotisunga ndi cimbudzi pa nyumba iri yonse ndi nkhope zosamba.

Zobiriwira zonyezimira ngati citsulo, zolira kwambiri, muzidziwa: ziikira pa nyama, pa nsomba zoyanika, ndi pazironda. Mwa izo ulipo mtundu umene mphutsi zace zidya mnofu wamoyo, pa mcombo wa thole, pofulidwa, ndi pamene panaluma nkhupakupa. Cironda ciri conse ca ciweto citsukidwe ndi kupakidwa mankhwala tsiku lomwelo.

ZA M'MANGO

Mukang'amba bango looneka bwino kunja ndi kupeza mphutsi m'kati, musanamizire tinchenche ta maso ofiira tozungulira zipatso zoola ndi masese. Ito tifika zitaola kale. Mwini mlandu ndi wina, ndipo ali mitundu iwiri yaikuru. Wina, Bactrocera dorsalis, ndi mlendo wa ku Asia, amene anapezeka koyamba m'Afrika ku Kenya m'caka ca 2003, nafalikira msanga. Utali wace ngati mamilimita 8. Mapiko ngoyera mbee, a kamzere kakuda m'mphepete mwa kutsogolo. Pamsana pali timizere tiwiri tacikasu, ndi pamimba cizindikiro cakuda conga lemba la T. Winayo, Ceratitis cosyra, ndi mbadwa ya kuno. Ngwocepako, wacikasu, wa maanga akuda pamsana, ndi mapiko a mizere yopingasa. Akazi a mitundu yonse iwiri ali ndi mbola kumatako yoboolera khungu la cipatso poikira mazira.

Nanga kusiyana kwao kuli ndi nchito yanji? Nayi. Mankhwala okopa a m'misampha, ochedwa methyl eugenol, aitana amuna a mlendo uja okha. Mbadwa ya kuno siwasamala. Mlimi wogula misampha yotere pamene womdyera mango ndi wa mapiko a mizere adzapeza msampha uli mbee, mango alikugwa. Coyenera onse awiri ndi ici: tolani zipatso zakugwa masiku onse, ndi kuzikwirira m'dzenje lakuya kuposa mkono, kapena kuzimanga m'thumba lakuda lapulasitiki ndi kuliika padzuwa, pakuti mphutsi ikaturuka m'bango ilowa m'dothi, ndipo m'menemo ndimo isanduka nchenche.

ABWENZI OSAWADZIWA

Tsono ndinene mbali yina, imene ambiri saiganizira: ziripo nchenche zotigwirira nchito osalipidwa.

M'dimba mudzaona kena ka mizere yacikasu ndi yakuda ngati njuci, koima m'malere pamalo amodzi, kenaka nkuthawira pambali ngati mphezi. Werengani mapiko: ngawiri, tinyanga ntatifupi, maso ngakuru, mbola kalibe. Kakuru kamwa m'maluwa ndi kubereketsa mbeu, ndipo mphutsi za mitundu yambiri ya ito zidya nsabwe za pa ndiwo zamasamba. Mudzaonanso nchenche yotuwa yonga ya m'nyumba, koma ya ubweya wolimba ngati minga kumatako. Imeneyo iikira pa mbozi za m'munda, ndipo mwana wace adya mboziyo m'kati kufikira ifa. Pa mulu wa manyowa mudzapeza yakuda yaitali ngati mabvu, ya mapazi oyera, ndi timawindo tiwiri toonekera patsinde pa mimba. Siluma, siitera pansima, ndipo mphutsi zace zonenepa zisandutsa zinyalala manyowa, nizikhala cakudya cabwino ca nkhuku ndi nsomba za m'maiwe. Ngakhale zobiriwira zija ziri ndi ubwino wace, pakuti mango akacita maluwa, nchenche ndizo zicuruka pamenepo, ndi kunyamula ufa wa maluwa. Wopopera mtengo wa mango uli m'maluwa apha anchito ace omwe.

MAYANKHO KWA OTSUTSA

Wina adzati, Izi nza anthu a magalasi, ife tiribe. Ndiyankha kuti, mwa zizindikiro zonse ndachula, cimodzi cokha cifuna galasi. Mlimi amene azindikira ng'ombe yace pakati pa makumi asanu, nadziwa mbeu ya cimanga poiluma ndi dzino, sangalephere kuona ngati mapiko ngosanjikana kapena otasa. Cosowa si galasi koma kufatsa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ife tikaona nchenche dzanja lithamanga, maso asanayambe nchito.

Wina adzati, Mankhwala opopera apha zonse, ndidziwirenji maina? Ndiyankha kuti apha zonsedi, njuci ndi abwenzi aja pamodzi. Koma pobadwira sapafika. Mupha zikwi lero, ndipo mulu wa ndowe ukubwezerani zikwi zina sabata yamawa. Ndiponso nchenche zopoperedwa kawirikawiri zizolowera mankhwala, monga yacita ya m'nyumba m'maiko ambiri. Wodziwa mtundu apita ku gwero, nawononga pang'ono.

Wina adzati, Makolo athu sanaphunzire izi, koma anaweta. Ai, anazidziwa ndithu. Ndani anamucha kashembe dzina lace, ndi cimphanga dzina lace, ngati sanazisiyanitse? Iwo anadziwa nkhalango zosayenera kupitako ndi ng'ombe, ndipo pakufunika kudutsa anadutsa usiku, kashembe atagona. Nzeru imeneyi ndi yanu; irikutayika cifukwa anyamata olisa ng'ombe saonetsedwanso.

COCITA

Cifukwa cace ndipempha zinthu zinai. Coyamba, nchenche yoluma ikatera pa inu kapena pa ciweto, iyang'aneni musanaimenye. Ndipo poipha musaiphwanye, ikanikizeni pang'ono ndi cala, kuti mapiko ndi mlomo zitsale. Caciwiri, iikeni m'kabotolo kouma kapena m'bokosi la macesi, pamodzi ndi kapepala konena malo, tsiku, nthawi, ndi cimene inaluma. Wokhala ndi foni aijambule kawiri, cakumwamba ndi cam'mbali. Cacitatu, pitani nayo kwa mlangizi wa ziweto kapena wa zaumoyo wa kwanu, ndipo ikakhala kashembe auzidwenso amfumu, pakuti kashembe sadziwa malire a khola. Ndipo ng'ombe yoonda iyesedwe mwazi isanabayidwe. Cacinai, onetsani ana. Mwana wolisa ng'ombe ndiye ali kuthengo tsiku lonse, ndiye adzayamba kukomana ndi kashembe. Mumgwirire mmodzi, mumuonetse nkhwangwa ya m'phiko pa kuwala kwa dzuwa, ndipo sadzaiwala moyo wace wonse.

Tsono ndikadzafikanso pakhola panu ndi kufunsa kuti, Nchenche yanji? musadzandiyankhe kuti, Nchenche basi. Mudzanditurutsire kabotolo, ndi kunena iyo yakuluma.

Tsalani bwino, ndi ziweto zanu zomwe.